Nkhwangwa ya Agogo pa Bwalo la Sukulu

Fungo la chikopa chonyowa likandipeza pena paliponse, ndimaona agogo anga aNgozo atakhala pansi pa msuku kuseri kwa khola, m'mawa wa nkhungu yotsika ku Chongoni, akufufuta chikopa cha mbuzi, nkhwangwa yawo ili pambali. Sankayenda popanda nkhwangwayo, ndipo sinkaphonya. Anali munthu wosayankhulayankhula, moti adzukulufe tinkawaopa kuposa afisi.

Chaka chimene ndinadziwa kuwerenga, aphunzitsi athu a Yohane analemba sewero pa mapepala atatu, nkhani ya mwana wogwidwa ndi ogula anthu, amene pamapeto pake anawomboledwa ndi mlendo wachifundo. Pa malo a mwanayo anasankha ine. Poti kunyumba kunalibe wina wondimvetsera, ndinkawerengera agogo tsiku ndi tsiku, mawu anga ndi a anzanga omwe. Iwo ankangopala chikopa, maso ali pansi.

"Agogo, kodi sizikukumvetsani chisoni?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Pepala silikhetsa misozi, Nangozo. Werenga."

Amayi atamva zimene ndinkawerengazo, anandikokera kuseri kwa nkhokwe. Anandiuza kuti ndisanabadwe, ogula anthu anagwira mwana wamkazi wa agogo, dzina lake Tsalani, ali kotunga madzi, ndipo agogo anawalondola masiku anayi osawapeza. "Usawaitane ku seweroli," anatero. Koma ine, ndi kamtima kanga kofuna kuonedwa, ndinali nditawaitana kale.

Tsiku la sewerolo, titatuluka m'mapemphero, anthu anadzaza bwalo la sukulu, ambiri asanaonepo sewero chibadwire. Aphunzitsi, amene ankasewera ngati wogula anthu, anavala mkanjo woyera, ndipo pofuna kuti zikome anabwera ndi goli lenileni, mtengo wa mphanda. Papepala panangolembedwa kuti "amumanga." Pepalalo silinanene kuti mtengowo udzalemera, kapena kuti luzi lidzandiluma pakhosi mpaka kulira kwanga kudzakhale koona.

Aphunzitsi anandikoka, ine n'kugwa chogwada. Apa Mateyu, mnzanga wosewera ngati mlendo uja, anayenera kutulukira kuseri kwa mpanda, koma ataona khamu miyendo inamuuma. Aphunzitsi, pofuna kumupatsa mpata, anakokanso goli, nakweza chikoti.

Ndinamva amayi akufuula, "Mayo ine!"

Agogo anali ataimirira, nkhwangwa ili m'manja, akuyenda pang'onopang'ono, anthu akuwapatukira. Maso awo sanali pa ine, anali pa mutu wa aphunzitsi. Ndinadziwa kuti nkhwangwayo ikatsika aphunzitsi afa, agogo akawapachika ku Boma, zonsezo chifukwa cha ine.

"Bambo, pepani, ndi sewero chabe," aphunzitsi ananong'ona, chikoti chitagwa pansi.

Agogo sanamve. Nkhwangwa inakwera. Chimene chinatuluka pakamwa panga ndi mawu anga a papepala aja: "Kodi palibe wondidziwa pano?"

Nkhwangwa inaima m'malere. Funsoli anali atalimva kambirimbiri pansi pa msuku paja, ndipo yankho lake ankalidziwa. Ananena mawu a Mateyu osaphonya ngakhale amodzi: "Mwanayu ali ndi kwawo. Ndabwera kudzamutenga."

Anagwada nadula luzi, nsonga ya nkhwangwa n'kundicheka pang'ono pansi pa khutu. Anthu anaomba m'manja, ena akuyesa kuti tinachita kupangana. Aphunzitsi anangokhala pafumbi pomwepo.

Agogo anandibereka kumsana ngakhale ndinali wamkulu ndithu. Titadutsa minda ya chimanga, anayankhula osacheuka.

"Ukamawerenga ndinkamva za mwana wa eni. Lero ndamuona Tsalani." Anandikweza bwino kumsanako. "Koma lero sindinachedwe."

Ndakalamba tsopano, ndipo masewero ndawerenga ambiri ndi ana asukulu, mtima uli m'malo. Koma akati tiyeni tikaonere, dzanja langa limapita lokha pa chipsera cha pansi pa khutu, ndipo ndimayamba ndayang'ana oonerawo mmodzimmodzi, kufuna kudziwa amene wabwera ndi nkhwangwa yake.