Dzanja lomwe linanditayira thobwa

Loweruka lapitali ndinanyamuka ku Area 25 nditatchena. Ndinali ndi chinkhoswe ku Likuni, ndiye ndinati ndidzere ku Chinsapo ndikaone mlongo wanga Esinati ndi mwana wake Tamanda, yemwe akuyembekezeka kuyamba sukulu chaka chamawa.

Nditangokhala pansi, Esinati anandipatsa thobwa m'kapu yaikulu. Ndisanalawe n'komwe, Tamanda anafika n'kukoka kapu ija. Thobwa lonse khuthu, pa thalauza langa loyera!

Ndinadzambatuka. Mawu okalipa anali atafika kale pakhosi pamene mlongo wanga anakuwa.

"Achimwene, taimani! Mwaona dzanja lomwe wakokera?"

Ndinayang'ana. Kapu inali lendelende pa zala za dzanja lamanja. Esinati anakhala pansi, m'thobwa momwemo, akuseka uku misozi ili mbwee.

Kuti mumvetse, ndikuuzeni za dzanja limeneli. Tamanda anabadwa movutikira, ndipo anachedwa kulira. Madokotala anati mbali ina ya ubongo inavulala pa nthawiyo, vuto lomwe pa Chingerezi amati cerebral palsy. Nzeru ali nazo, pakamwa ndiye musanene, amalongolola ngati wailesi. Koma mwendo wamanja amachita kukoka, ndipo dzanja lamanja linali lofumbata chibadwire, chala chachikulu chili m'kati, mkono utapindikira pachifuwa. Zonse ankachita ndi lamanzere. Lamanjalo ankalinyamula ngati katundu wa eni.

Nkhawa ya mayi ake inali sukulu. Adzagwira bwanji kope kuti lisathawe pamene akulemba? Kuchimbudzi adzamukwezera kabudula ndani?

Chaka chatha a mafizo kuchipatala, aja amaphunzitsa ziwalo zofooka kugwira ntchito, anamuonetsa Esinati zoti azichita kunyumba. Kuongola mkono ndi zala pang'onopang'ono, osakakamiza. Kenako masewera: kufinya siponji m'beseni, kukanya dongo, kutola zitsekerero za mabotolo n'kumaponya m'chitini. Chovuta chinali chakuti pa nthawi ya masewerawo, dzanja labwino lija amaliveka sokosi kuti mwana ayesetse kugwiritsa ntchito laulesilo.

Masiku oyamba Tamanda ankalira mpaka mpanda wonse kumva. Amayi a landilodi anatulukira atamanga chitenje m'chiuno.

"Mayi a Tamanda, nkhanza zimenezi n'zachiyani? Mwana ali ndi dzanja limodzi, inu mukumanganso lomwelo?"

Amenewo bola, ananena pamaso. Ena ankanong'onezana kumpopi kuti bambo a mwanayu, omwe amayendetsa njinga yamoto ya kabaza, anakhwimira mwana wawo kuti njingayo ipezeke. Alamu angawo atamva anangoti, "Ndikanakhala wokhwima bwenzi ndikupsa ndi dzuwa pa siteji?" Mawa lake anamunyamula Tamanda pa njinga yomweyo kupita naye kumafizo, akudutsa dala kumpopi kuja.

Miyezi inadutsa popanda chooneka. Esinati anandiuza kuti tsiku lina anaiponya sokosi ija padenga, n'kunena kuti basi, mwana wanga wazunzika mokwana. Wa mafizo atamva sanamukalipire. Anangoti achepetse nthawi, ndipo asiye kuchita ngati akupereka mankhwala. Azisewera naye zenizeni, aziluza nthawi zina, Tamanda aziwina. Sokosi ina Esinati anaisokerera mabatani ngati maso, ikhale chidole. Kulira kunayamba kuchepa. Zala zinayamba kumasuka, chimodzichimodzi.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akuluakulu.

Ndisakunamizeni, Tamanda sanachire. A mafizo ananeneratu kuti pomwe panavulala mu ubongo sipabwerera, koma mwana akhoza kuphunzira njira zina zogwiritsira ntchito thupi lake, makamaka akayamba akadali wamng'ono. Dzanja lija likadali lolimba, ndipo akatopa limafumbatanso. Musathamangirenso kukaveka mwana sokosi chifukwa mwawerenga pano. Ana amasiyana, ndipo woona choyenera mwana wanu ndi amene anaphunzira ntchitoyi. Koma zomwe ndinaona ine n'zakuti dzanja lomwe silinkagwira ngakhale supuni linalanda kapu kwa munthu wamkulu.

Tsono tiyeni tikambirane, anzanga. Kodi ife timatani ndi ana otere?

Ambiri sitidana nawo. Timawamvera chisoni, ndipo chisonicho n'chimene chimawapundula kachiwiri. Akafuna kutola chinthu, tamutolera kale. Akafuna kuvala, tamuveka kale. "Musiyeni, ndi wodwala." Wodwala chiyani, poti malungo alibe? Timathamangira kuthandiza chifukwa ifeyo ndi amene sitingapirire kumuona akulimbana ndi batani. Dzanja lomwe silipatsidwa ntchito lidzaphunzira liti?

Ndiye pali ena omwe amabisa. Mwana amakulira kuchipinda, pamphasa, alendo akabwera chitseko n'kutsekedwa. Musafulumire kuwaweruza makolowo. Amabisa chifukwa cha pakamwa pathu. Ndife amene timafufuza yemwe analodza, yemwe anakhwima, yemwe anachimwa ali woyembekezera. Bambo wina akatopa ndi manong'onong'o amalongedza chikwama, mayi n'kutsala yekha ndi mwana kumsana. Nthawi yomwe mwana akanayamba mafizo imathera kwa asing'anga ndi kumapemphero a kumapiri.

Esinati anandiperekeza kukakwera minibasi. Tili m'njira, mayi wina wogulitsa tomato anamukodola, n'kuyang'ana uku ndi uku asanalankhule.

"Asisi, ndimakuonani ndi kamtsikana kanu kaja. Mng'ono wanga ku Mgona ali naye wotero, wamwamuna. Sanatulukepo panja. Kodi kumeneko amalandira aliyense?"

"Aliyense," anatero Esinati. "Muwauze abwere kwathu, tidzapitire limodzi."

Mayi uja anafunsa monong'ona, ngati akufunsa njira ya kwa wogulitsa kachasu. Chonsecho ankafunsa za mwana, mwana wabwinobwino wofuna thandizo.

Inu amene mukuwerenga, m'dera lanulo muli nyumba yomwe mumamva mawu a mwana koma mwanayo simunamuonepo. Mukuidziwa. Kodi mayi ake akafuna kufunsa njira ya kumafizo, angayerekeze kufunsa inuyo mokweza mawu?