Hardly Ever, Mawu Awiri Amene Anandilanda Eneless

Anzanga, Eneless ndinakumana naye pa galaja yathu ku Biwi, tsiku limene minibasi yomwe anakwera inazimira pageti pathu penipeni. Anthu onse anatsika akukalipira kondakitala. Iye yekha anakhala pa tayala lakutha n'kuyamba kuchonga makope a ana. Anali mphunzitsi wa Chingerezi pa sukulu ina ya private ku Area 23.

Ine ndine Maxon, makaniko. Sukulu ndinalekezera Form 2, koma matama anga mukanati ndinadutsa ku koleji.

"Madam, do you come here always?" ndinatero, manja ali bii ndi oyilo.

Anaseka mpaka kugwira pakamwa. "Mumafuna kunena kuti often. Komanso sindinabwere dala, galimoto ndi imene yafa."

Manyazi ndinachita, koma nambala ndinatenga.

Zinthu zinayenda, anzanga. Loweruka lililonse masana tinkakumana kumsika wa Chilinde, tchipisi mbale imodzi, zotokosera ziwiri. Ankandikonda ndi ovolosi yanga yomwe, ndipo ngakhale ankandikonza Chizungu, sanandinyozepo.

Tsiku lina anang'amba pepala mu kope n'kujambula makwerero.

"Awa ndi mawu onena kuti chinthu chimachitika kangati," anatero. "Pamwamba pali always, nthawi zonse. Kenako usually, often, sometimes..."

"Pansi pali never," ndinamudula. "Ndikudziwa."

"Pakatipa pali ena, Max. Anayi akubwerawa ndi amene amapusitsa anthu."

"Aa, iwe, ine ndabwera kwa chibwenzi, osati ku kalasi."

Sanakwiye. Anamaliza kulemba mwakachetechete, n'kupinda pepalalo, n'kundiikira m'thumba. "Ukawerenge ukapeza nthawi."

Ndinakaliponya mu bokosi la masipanala osalitsegula n'komwe.

Kuyambira pamenepo tinali ndi kamasewera kathu. Iye ankalemba, "Umandiganiza kangati?" Ine ndinkayankha, "Always." Mawu amenewo okha ndiye ndinkawadziwa bwino, ndipo ndinkanena zoona.

Kenako mnzanga wa pa galaja, Grain, anabwera ndi nkhani. Akuti anamuona Eneless pa siteji ya ku Area 23 akupatsana moni ndi Lewis, chibwenzi chake chakale. Mtima unanditentha. Ndinamulembera Eneless, "Kodi Lewis uja mumalankhulanabe?"

Yankho linabwera pompo. "I hardly ever talk to him, babe."

Ndinawerenga katatu. Hard ndinkaidziwa, ngati work hard, kulimbikira. Ever ndinkaimva mu forever. Ndiye ndinaphatikiza ndekha: amalankhula naye molimbika, mpaka kalekale. Ndinamuonetsa Grain, amene sukulu yake ndi yochepa kuposa yanga.

"Hardly ndiye kuti heavy, aise," anatero. "Wakuuza pamaso ameneyu."

Anzanga, wakhungu kutsogolera wakhungu mnzake. Eneless ndinamubloka pa WhatsApp, mafoni ake osayankha.

Patapita masiku atatu anabwera pa galaja ataweruka, choko chidakali pa siketi. Anyamata onse anasiya ntchito kuti amvere.

"Max, ndakulakwira chiyani?"

"Wavomera wekha. Message ndili nayo."

"Werenga ndimve."

Ndinawerenga mokweza, monyada, ngati loya.

"Tiye tikalankhule kuseri, tili awiri," anatero motsitsa mawu.

"Palibe za kuseri. Usandiyese mbuli, Chizungu ndimachimva. Pita kwa ophunzira anzako, ife a oyilo tisiye."

"Pepala lija unawerenga?"

"Ndinayatsira mbaula."

Linali bodza, ndinkangofuna kuti zimupweteke. Ndipo zinamupwetekadi. Anakonza chikwama paphewa n'kumapita, osacheuka.

Panatha miyezi isanu. Tsiku lina ndikusaka sipanala ya 13, ndinakhuthula bokosi lonse pansi, pepala lija n'kugwa. Linali ndi oyilo, koma zolemba zake zinkaoneka bwino. Pansi pa sometimes panali occasionally, seldom, rarely, kenako hardly ever. Pambali anali atandimasulira m'Chichewa: "mwa apo ndi apo kwambiri, pafupifupi never."

Ndinakhala pansi, pa fumbi pomwepo. Mtsikana ankandiuza kuti munthu uja salankhula naye, ine n'kumuthamangitsa pamaso pa anthu. Yankho ndinkalinyamula tsiku lililonse limodzi ndi masipanala.

Mawa lake ndinakamudikira panja pa sukulu yawo. Atatuluka ndinamuonetsa pepala lija.

"Si unati unayatsira mbaula?"

"Ndinanama. Pepa, Eneless. Koma bwanji sunandiuze tsiku lomwe lija?"

"Ndikanakumasulira pamaso pa anzako aja, akanakuseka mpaka lero. Ndinakuitanira kuseri, unakana. Ndinadikira mwezi wathunthu kuti mwina ubwera kudzafunsa. Kusadziwa mawu si mlandu, Max. Chinandipweteka n'chakuti unakhulupirira Grain kuposa ine."

Ndinaona mphete ya chinkhoswe pa chala chake. Anandiuza kuti womufunsirayo sanali Lewis. Anali mphunzitsi mnzake wa ku Likuni, amene anamudziwa titasiyana kale.

Ndikanangonyamuka ndi ulemu wanga, koma mtima ndi wopusa. Ndinamufunsa funso lake lomwe lija.

"Umandiganiza kangati?"

Anamwetulira pang'ono, osati mondinyoza. "Hardly ever, Max."

Ulendo uno ndinamva bwinobwino, anzanga, sindinafune womasulira.

Pepala lija lili mu waleti mwanga, ndipo makwerero onse ndinawaloweza. Kungoti palibenso wondifunsa. Inu amene muli ndi wanu, mawu akakuvutani mufunseni mwini wake, kufunsa sikupha. Ine ndinaopa kuoneka mbuli kwa mphindi imodzi, ndipo ndinataya munthu amene ankanditeteza ngakhale pomwe ndinkamunyoza.