Kadontho kofiira pansi pa nyumba yopanda denga

Mu Dubai muno palibe wamalonda amene angandidyere masuku pamutu. Kafunseni ku Satwa. Telala wa pakona paja akandiona ndikubwera amayamba yekha kutsitsa mtengo ndisanamupatse moni. Ku Ras Al Khor, kumene ndimagula zitsulo za galimoto za abwana, Mpakisitani wina anandipatsa dzina loti Khalas, poti ndi mawu oti "basi, zatha" amene amatsiriza nawo akatopa nane.

Malamulo anga ndi awiri basi. Chimene wachikonda, chinyoze. Ukatha kunyoza, tembenuka uzipita, akuitana okha. Malamulo amenewa sanandigwiritsepo fuwa la moto.

Mpaka Lamulungu lapitali.

Mnzanga Tembo wa ku Chipata amagwira ntchito yopachika zithunzi m'nyumba ina yoonetsera zojambula ku Al Quoz, eni ake amati galare. Anandiimbira. "Mudala, bwerani na amai. Kuli vithunzi va ku Serbia. Kulowa ni mahala."

Mawu oti mahala sindinawakanepo. Akazi anga, amayi a Chisomo, amalera ana pakhomo pena ku Al Twar ndipo amagona komweko. Tsiku lawo lopuma ndi Lamulungu lokha. Titatuluka m'tchalitchi ndinawatenga.

Ine za Serbia ndinkangodziwa mpira. Koma abale, zimene ndinaona! Panja ndi mosungira katundu wamba, mkati makoma oyera mbee. Mipando yakale ikulendewera kudenga pa ulusi wofiira. Mkeka woluka ndi manja, koma ukauyandikira maluwa ake ndi timafoni. Chithunzi china chachitali kuposa basi, mitundu ikumenyana, ndinachita kubwerera m'mbuyo ngati chindigwera. Onse ojambulawo ndi achinyamata, ali moyo, ena ausinkhu wa mng'ono wanga.

Tembo ankayenda ngati mwini mudzi. Akuti mabokosi akafika satsegulidwa tsiku lomwelo, zithunzi ziyambe zazolowera mpweya wa kuno. Akuti nyali imodzi amatha kulimbana nayo masana onse. Munthu amene kunyumba sapachika ndi kalendala yomwe, kuno amavala magolovesi oyera.

Tikuseka choncho ndinaona kuti amayi a Chisomo atsalira. Anaima pa kachithunzi kakang'ono, kokula ngati thireyi ya tiyi. Nyumba ya njerwa zosapaka, mazenera opanda magalasi, zitsulo zikusuzumira kumwamba pamene pakanakhala denga.

Mwini galareyo, mayi wamtali wa ku Serbia dzina lake Dragana, anabwera kudzatifotokozera. Akuti m'midzi ina kwawo anthu anapita kukagwira ntchito ku Austria ndi ku Germany. Amatumiza ndalama, nyumba zimakwera, koma eni ake sabwera kudzakhalamo. Wojambulayo anakulira pakati pa nyumba zoterozo.

Ifenso tili nayo yathu ku Chirimba. Inafika pa lintala n'kukhala pansi.

"Bambo a Chisomo," anatero akazi anga motsitsa mawu, "iyi ndi yathu iyi. Ndikanaipachika m'kachipinda kanga kaja."

Chibwerereni ku Dubai mayi ameneyu sanandipemphepo kanthu, ngakhale mpango. Ndinafunsa mtengo. Unaluma, koma sunali wopha munthu: zimene ndinkasunga pambali zikanakwana, n'kutsala wopanda ya basi. Munthu wanzeru akanati, "Kulungani." Ine ndinawatsinzinira diso akazi anga. "Tilipira theka. Ingoonererani."

Tembo anandikoka malaya. "Mudala, muno si mu Satwa."

Ndinamuchotsa dzanja n'kuyamba lamulo loyamba.

"Mayi," ndinatero m'Chingerezi changa cha ku Ras Al Khor, "chithunzichi n'chosatha. Denga lili kuti? Ndipo n'chomvetsa chisoni, ndani angadye akuchiyang'ana? Taonani udzu wamera pabalaza. Udzu umenewu umamera mwini wake akamanena chaka chilichonse kuti chaka cha mawa. Taonani njerwa zapansizi zayamba kuda, mvula zingapo zadutsapo. Taonani mulu wa mchengawu, watsala theka, achibale akhala akutapako. Ndipo chitseko chilipo, chokhoma ndi loko, nyumba yopanda denga. Munthu ameneyu akukhoma chiyani? Akukhoma maloto ake kuti mbuzi zisalowemo."

Penapake pakati pa mchenga ndi loko ndinali nditaiwala kuti ndikunyoza.

Dragana sanakwiye. Maso ake ankangowala, akugwedeza mutu. Pambali panga panaima bambo wina wachikulire, Mmwenye wa magalasi, manja kumbuyo. Ndinaganiza kuti ndi mboni yabwino.

Ndinatchula theka langa. Dragana anamwetulira n'kunena kuti mtengo anagwirizana ndi wojambulayo, sangausinthe iye kulibe.

Lamulo lachiwiri. "Yalla, tiyeni," ndinatero, n'kuwagwira mkono amayi a Chisomo. Tinatuluka pang'onopang'ono, khutu langa lili m'mbuyo.

Zii.

Panja dzuwa la Al Quoz linali kuwotcha ngati tinalilakwira. Ndinaika foni kukhutu ngati ndikulankhula ndi munthu. Thukuta linatsika mpaka m'masokosi.

"Akuitanani?" anafunsa akazi anga.

"Akupsa mtima kaye. Ndi mmene zimayendera."

"Amene akupsa ndi ife."

Tinabwerera ngati taiwala ambulera. Tinapeza Tembo atawerama, akumata kadontho kofiira pakhoma, pansi penipeni pa nyumba yathu.

"Kameneko n'kachiyani?"

"Kagulidwa, mudala. Ndiye chizindikiro chake muno."

Bambo wa magalasi uja anabwera n'kundigwira dzanja ndi manja ake onse awiri. "Bhai, m'bale wanga, zikomo. Ndinachidutsa kawiri osachiona. Mutanena za loko uja ndinaona nyumba yanga ya ku Kerala, kwathu ku India." Sananenerere n'komwe. Analipira monga mwalembedwera.

Dragana anandipatsa khofi wowawa m'kakapu kakang'ono n'kundipempha kuti ndidzabwerenso potsegulira chionetsero china, ndidzalankhule ndi alendo. Akuti adzamuuza wojambulayo kuti nyumba yake yapeza achibale ku Malawi ndi ku India. Ine, Khalas, ndinagulitsa katundu wa eni pa mtengo wonse, malipiro anga khofi wopanda shuga.

Tsono ndikufunseni, anzanga. Khalidwe limeneli tinalitenga kuti, loti chimene tachikonda tizichinyoza? Pamsika limagwira, sindikukana. Tomato salira. Koma talitenga n'kulowa nalo m'nyumba. Mwana akakhoza mayeso timati anali osavuta. Mnzathu akasoka diresi yokongola timafunsa ngati nsaluyo siisuluka. Mkazi timamukonda mpaka kufa, koma pagulu timati "amayesetsa." Timaopa kuti tikaonetsa kuti tagoma, mtengo ukwera.

M'galare muja ndinaona malonda a mtundu wina. Munthu akachikonda chinthu amanena poyera, pamaso pa wogulitsa, ndipo palibe amene amamuyesa wopusa. Wojambula wa kutali uja anapeza womuimira amene sanalole kuti thukuta lake lidulidwe pakati iye kulibe. Ndi angati mwa osema ndi ojambula athu amene ali ndi munthu wotere? Si ife tomwe timawanenerera mpaka atigulitse molira? Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Yanga inafera padzuwa, foni ili kukhutu.

M'basi yobwerera ku Al Twar ndinachita chinthu chimene sichichitikachitika. Ndinapepesa. Amayi a Chisomo anayankha akuyang'ana pazenera.

"Chandiwawa, ndisaname," anatero. "Koma za loko zija sindinkadziwa kuti mumaziganiza. Ndinkayesa nyumba ija ndimaiganiza ndekha." Kenako anatembenuka. "Ndiye zimene munasunga pambali zija, zimene lero ndadziwa kuti zilipo, mawa zipite kwa achimwene akagule malata. Ndipo musakanenerere."

Zapita. Khoma la kachipinda kawo likadali lopanda kanthu, nyumba ya ku Serbia ikagona kwa bambo wa ku Kerala, ya ku Chirimba ikuyembekeza denga mvula isanagwe, ndipo Tembo wauza kale Satwa yense. Inu amene mukuwerenga, amene mulibe mbali, tandiuzani: malonda amenewa anapambana ndani?