Nkhokwe Zisanu ndi Ziwiri za a Edite

A Edite akhala akugulitsa kachewere pamsika wa ku Domwe kuyambira ali mtsikana. Lero ali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi, ana atatu, ndi linga lamiyala la asilikali zikwi ziwiri. Lingalo lili m'telefoni.

Telefoniyo anawasiyira ndi mwana wawo Dulce popita ku Tete kukaphunzira unamwino. Munali jogo, masewera a nkhondo zamakedzana, a mauta, malupanga ndi akavalo. Tsiku lina malonda atazizira, a Edite anaidina mwangozi, n'kuona tianthu titangoima pambali pa munda wosalima. Zinawanyansa. Anatiuza tilime, ndipo tinalimadi.

Mlamu wawo a Venâncio, oyendetsa shapa, minibasi ya ku Ulongwe, jogoyo ankaidziwa kale. Anawalowetsa m'gulu lawo la anthu khumi ndi awiri, ena a ku Beira, ena a ku Brazil, olemberana Chipwitikizi.

"Alamu, jogo iyi ndi ya nkhondo," anatero a Venâncio atasuzumira m'telefonimo. "Ife timafuna akavalo athamange, mpanda wa mdani ugwe, fumbi likwere. Inu mwamanga nkhokwe zisanu ndi ziwiri!"

"Nanga akavalo anuwo azidya fumbilo?" anafunsa a Edite.

A Edite nawonso anali ndi dandaulo lawo. Tirigu wa m'jogomo ankacha m'mphindi khumi, popanda mvula, popanda anankafumbwe. Kwa iwo limenelo linali bodza. Analembera eni jogoyo uthenga wautali wopempha kuti aikemo dzinja ndi chilimwe, ndi matope oti ngolo zizititimira. Yankho silinabwere.

M'mwezi wa Juni, chisanu chitafika polimitsa zala, gulu lina lalikulu linazinga malinga awo onse. M'jogomo msilikali wosadya amathawa, ndipo tsiku lachiwiri a Venâncio anali atatsala ndi theka la ankhondo awo. Apo m'pamene a Edite anatsekula nkhokwe. Dzanja lina likuyeza kachewere m'ndowa, linalo linkatumiza ngolo za tirigu kwa anzawo mmodzimmodzi.

"Tsekani zipata, pasatuluke munthu," analemba motero. "Awa achokera kutali. Kamba wawo atha."

Mnzawo wina wa ku Brazil, Tarsisio, anakwiya. Anati iye analowa jogoyo kuti azimenya nkhondo, osati kukhala pansi ngati wodikira shapa. A Edite anamutumizira ngolo zina ziwiri.

Tsiku lachinayi mahema a adani anayamba kuchepa. Tsiku lachisanu masana a Edite analemba mawu amodzi okha: "Tulukani."

Patangopita ola, shapa ya a Venâncio inaima pamsika. Anatsika okweramo asanatsike, n'kuthamanga pakati pa matumba, telefoni ili m'mwamba.

"Athawa! Alamu, athawa onse!"

A Edite anataya ndowa n'kuyamba kuvina. A Ivone, ogulitsa nyemba pambali pawo, analulutira kaye mokweza, kenako n'kufunsa kuti, "Kodi wathawa ndani?"

"Adani!"

"Adani a yani?"

Kufotokoza kunavuta, koma azimayi a mzere wonsewo anali atalowa kale m'bwalo, ndipo panalibenso wofuna kumva.

Sabata yomweyo gululo linasankha a Edite kukhala mtsogoleri. Tarsisio anapempha chithunzi cha mkulu wa nkhondoyo, poganiza kuti ndi bambo wina amene anakhalapo msilikali. Analandira cha mayi wovala chipewa chaubweya ndi nsalu ziwiri za kapulana, atakhalira thumba la kachewere. Anatumiza mawu ojambula akuseka mpaka kutsamwa, napepesa chifukwa cha ukali wake uja.

Pa utsogoleri wawo a Edite anaika lamulo limodzi: Lamulungu m'mawa kulibe nkhondo, chifukwa iwo amaimba kwaya. Ku Beira ndi ku Brazil akavalo amaima pachipata, kudikira Misa ya ku Domwe ithe.