Matayala Anayi pa Msika wa Mitundu

Ndinayamba kuwazindikira m'mawa wina ndikupita kuchigayo, nditawapeza akuimbira nkhuku wezulo. Inali itaima pamalo a galimoto.

Bambo amenewa timayandikana nyumba, ndipo ntchito yawo ndi yolongosola njinga ndi ngolo pamsika wa Mitundu. Koma mtima wawo uli pa kashedi kamalata koimikamo galimoto ya akuluakulu a chipani, imene imabwera kawiri pachaka. Amasesamo tsiku lililonse, n'kulemba malire ndi phulusa. Mawu awo ndi amodzi: "Muno mumaima cha matayala anayi basi."

Lachitatu lapitali mvula inandipeza ndikukankha njinga ya malemu amuna anga, pakaliyala pali ufa wa mwezi wonse. Ndinathawira m'kashedimo osaganiza. Wezulo inalira, msika wonse n'kutembenuka, ine n'kusowa pobisa nkhope.

Bambo aja anafika n'kuwerenga matayala mokweza: "Limodzi, awiri." Anayang'ana ufa, anayang'ana mvula, nachoka. Posakhalitsa anabwera akukankha njinga yawo, naiimika pambali pa yanga, namanga ziwirizo ndi luzi. Anawerenganso mpaka anayi, nakaima panja.

"Bambo, mukunyowatu," ndinatero chapansipansi.

"Ine ndili pantchito, mayi. Wokhala m'galimoto ndi dalaivala."

Mvula itakata anamasula luzi lija, madzi akutsika m'chipewa chawo, nakaima kumbuyo kwanga atakweza dzanja.

"Tulukani chobwerera m'mbuyo, mayi, pang'onopang'ono. Kuno ndikukuonerani ine."