Amayi Anga ndi Mkazi wa pa Bedi Lakumapeto

Amayi anga anagwira ntchito yochapa pachipatala zaka makumi awiri ndi zitatu. Chipinda chawo chinali kuseri kwa khitchini, chotentha, chonunkha sopo ndi mankhwala. Manja awo anali ong'aluka chifukwa chokhalitsa m'madzi. Anamwino ankawatcha Amayi a Mashiti, ndipo dzinalo linawatsatira mpaka kutchalitchi.

Sanali mlaliki. Kuwerenga kunkawavuta, ankachita kuloza ndi chala liwu ndi liwu. Koma pa nthawi yopuma masana ankalowa m'wodi ya amayi n'kukhala pambali pa wodwala amene analibe womudikirira. Akalola, ankamuuza za Yesu. Akakana, ankamumwetsa madzi n'kubwerera ku ntchito.

Bambo anatisiya ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, n'kukakwatira mkazi wina wogulitsa m'sitolo ya nsapato. Kunyumba tinkangoti "uja wa nsapato". Bambo atamwalira sitinamvenso za iye.

Tsiku lina, ine ndili wamkulu kale, amayi akutolera nsalu zakuda anamupeza mkazi uja m'wodi, pa bedi lakumapeto, pafupi ndi zenera. Anali atawonda moti anangomuzindikira ndi mpata wa m'mano. Panalibe wachibale ngakhale mmodzi. Masana omwewo amayi anapita kwa iye ndi Baibulo m'manja. Mkaziyo anawayang'ana nthawi yaitali.

"Mwabwera kudzaona mmene ndathera?" anafunsa.

"Ndabwera kudzakuuzani za Mulungu," anatero amayi.

"Bodza. Maso anuwo akusekerera."

Madzulo amayi anafika kunyumba. Atandifotokozera, ndinapsa mtima.

"Musiyeni, amayi. Iyeyo anatimverapo chisoni ife?"

"Mwanawe, sananame," anandiyankha. "Nditamuona pabedi paja mtima wanga unakondwa. Buku lija ndinalinyamula ngati chikwapu. Anthu ndingawapusitse, koma Mulungu ayi."

M'mawa mwake Baibulo linatsala m'chikwama. Anatenga beseni, sopo ndi kansalu. Anamusambitsa, kumutembenuza, kumupaka mafuta pazilonda za kumsana. Tsiku loyamba mkaziyo anatembenukira kukhoma. Lachiwiri anawatukwana. Amayi sanasiye. Milungu itatu yathunthu anachita zimenezi osatchula Mulungu ngakhale kamodzi.

Anzawo ochapa ankawaseka. "Munthu anakulandani mwamuna, lero mukumutayira mikodzo! Mukufuna adzakupatseni nsapato?" Amayi a kutchalitchi nawo ankawafulumizitsa kuti amuuze alape nthawi isanathe. Amayi anga ankangoti, "Pakamwa panga sipanayere. Mwini wake akudziwa nthawi."

Mlungu wachinayi, amayi akumupesa tsitsi, mkaziyo anafunsa ndi mawu apansipansi, "Kodi mukufuna chiyani kwa ine? Ndilibe kanthu. Nyumba ija achibale a malemu anandichotsamo."

"Palibe chimene ndikufuna."

"Simukudana nane?"

"Ndinkadana nanu. Masiku ena chidanicho chimabwerabe, koma ndimachipereka kwa Ambuye ndisanalowe pakhomopo."

Kenako mkaziyo anati, "Nanga buku lija lili kuti?"

Amayi anathamangira kuchipinda chochapira kukalitenga. Anawerenga pang'onopang'ono, akuloza ndi chala patsamba. Asanafike pakati, anadzutsa mutu n'kuona kuti wodwalayo wagona tulo. Anamufunditsa bwinobwino, nati adzapitiriza mawa.

Mawa lakelo, atafika pa ntchito, anapeza mashiti a bedi lakumapeto ali pamwamba pa mulu wa zochapa, pamodzi ndi bulangeti ndi pilo. Wochapa aliyense amadziwa tanthauzo la zimenezi. Sanalole mnzawo aliyense kuwakhudza. Anawachapa okha ndi manja, misozi ikugwera m'thovu.

Madzulo ndinawafunsa, "Ndiye analapa?"

"Sindikudziwa," anatero. "Anagona ndisanamalize. Mwina ndinachedwa, mwanawe. Funso limenelo lindivutitsa mpaka kufa. Koma ine ndinafika pomwe ndinatha kufika, ndipo amene ndinamusiya m'manja mwake ndi wachifundo kuposa ine."

Palibe anabwera kudzatenga thupi. Amayi anayenda ofesi ndi ofesi mpaka anawalola kuliika. Kumanda tinalipo anthu asanu: amayi, ine, abusa ndi okumba awiri. Ndinapita monyinyirika, ndipo sindinalire.

Patapita zaka ziwiri amayi anadwala chifuwa, n'kugonekedwa m'wodi yomweyo. Ndinawadikirira masiku khumi ndi awiri. Tsiku lomaliza anandiuza kuti mayi wa pa bedi loyandikana ndi lawo sanamwe madzi chiyambire m'mawa, ndikamumwetse. Pamene ndinkabwerera ndi kapu, anali atatisiya.