Bambo atsekera shuga m'bokosi

Moni nonse, imvani zomwe achita bambo athu lero.

Paja mwana wanga Asiyatu amadwala matenda a shuga, ndipo amavala kabatani koyera pamkono kamene kamaliza foni shuga akakwera kapena kutsika. Lero anzake a kagulu ka achinyamata odwala shuga ku Banket anabwera kudzacheza kuno kukomboni.

Bambo atamva kuti kukubwera ana a shuga, anatolera shuga yense wa m'nyumba, jamu ndi masiwiti, n'kutsekera m'bokosi lachitsulo lija ankasungiramo rasheni papurazi, pafamu paja, m'zaka za m'ma 90. Anaponya kiyi m'thumba, n'kukwera njinga ulendo wa kumzikiti.

Posakhalitsa foni ya mtsikana wina, Rudo, inalira. Shuga wake anali atatsika, manja akunjenjemera. Ine ndinatola khasu n'kuyamba kulimbana ndi loko wa bokosi lija.

Potembenuka ndinapeza ana atamuzungulira kale. Wina anasolola siwiti m'sokosi, wina m'mpango wakumutu. Asiyatu maso ali pafoni ya Rudo, akungoti, "Tafuna, shamwari, shuga wayamba kukwera." Rudo anatsitsimuka ine khasu lidakali m'manja.

Bambo atabwerako anapeza mapepala a masiwiti ali mbwee pakhonde. Titawalongosolera anati, "Ndiye mankhwala ake ndi masiwiti? Mundilembe m'gulumo, inenso manja amanjenjemera."

Chomwe sakudziwa n'chakuti loko wa bokosi lawo ndathyola. Achimwene, mwati ndiwauze ndine, kapena mubwere mudzawauze nokha?